Kalata yotseguka kwa oyang'anira madzi, madoko ndi mafakitale a m'mphepete mwa nyanja zamchere

Olemekezeka nduna zoona za madzi ndi mafakitale, akuluakulu a madoko, mameya a mizinda ya kugombe, ndi inu nonse amene mumasaina ziphaso zokumba mijigo,

Ife amene tikulemba kalatayi ndife akatswiri a madzi a pansi pa nthaka komanso mainjiniya a zomangamanga za kugombe. Nkhani yathu ndi ya mchere wa m'nyanja umene ukulowa m'madzi a pansi pa mizinda ndi mafakitale anu. Misonkhano yambiri ikafika pa nkhani ya nyanja imathera pa makoma otchinga mafunde, poti khoma limaoneka ndi maso ndipo limatheka kulitsegulira ndi mwambo. Koma mchere umene ukuwononga mijigo sudumpha khoma. Umadutsa pansi pake, m'mchenga, mamita makumi angapo kunsi, ndipo chimene chimaukoka ndi mapampu amene inu munawapatsa chilolezo.

Madzi a m'nyanja ndi olemera kuposa madzi abwino. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 ndipo imalemera makilogalamu 1.025, pamene lita ya madzi abwino imalemera kilogalamu imodzi. Kusiyanaku ndi kochepa, koma ndi kokwanira kuti pansi pa gombe madzi abwino aziyandama pamwamba pa amchere monga mafuta pa madzi. Amcherewo amalowa chapansi, okhuthala kugombe, n'kumapyapyala akamapita kumtunda. Akatswiri awiri, Badon Ghyben cha m'ma 1888 ndi Herzberg mu 1901, anapeza lamulo limene timagwiritsa ntchito mpaka lero: madzi abwino a m'chitsime akakhala mita imodzi pamwamba pa mulingo wa nyanja, ndiye kuti pansi pake pali madzi abwino okwana mamita pafupifupi 40 musanafike pa mchere. Lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera. Pampu ikatsitsa madziwo ndi theka la mita, malire a mchere amakwera pang'onopang'ono mpaka mamita 20. Ikawatsitsa kufika pa mulingo wa nyanja kapena kupitirira, palibenso chokankhira mchere kunyanja, ndipo nyanja imayamba kuyenderera kumtunda pansi pa nthaka usana ndi usiku.

Sipafunika mchere wambiri kuti madzi awonongeke. Madzi a m'nyanja amakhala ndi chloride (gawo lalikulu la mchere) wokwana mamiligalamu pafupifupi 19,000 pa lita, pamene munthu amayamba kumva mchere m'kamwa chloride akafika cha pa 250. Malita awiri okha a madzi a m'nyanja m'malita 100 amabweretsa mamiligalamu 380 pa lita. Choncho mjigo umasiya kukhala waphindu nyanja yeniyeni ikadali kutali, zitangofika nyenyeswa zake.

Tikudziwa kuti nkhaniyi ikabwera, ambiri amathamangira kuloza chala kusintha kwa nyengo. N'zoona kuti nyanja ikukwera. Lipoti la mu 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a kusintha kwa nyengo la bungwe la United Nations, linanena kuti pakati pa 1901 ndi 2018 inakwera masentimita pafupifupi 20, ndipo pakati pa 2006 ndi 2018 inkakwera mamilimita 3.7 pachaka. Koma gulu la mijigo ya mafakitale limatha kutsitsa madzi a pansi ndi mamita 10 kapena 20 m'zaka zowerengeka. Wina ndi mamilimita, wina ndi mamita. Ndipo pa ziwirizi, chimene cholembera chanu chingasinthe chaka chino ndi mamitawo.

Kupopa kumabweretsanso vuto lachiwiri limene limakulitsa loyambalo. Mizinda yambiri ya mafakitale inamangidwa pothera mitsinje, pa nthaka ya dongo losanjikizana ndi mchenga. Madzi akachoka m'mchenga, dongo limafinyika ndipo nthaka imatitimira. Ku Tokyo, dera la Koto linatitimira mamita oposa anayi m'zaka za m'ma 1900. Boma la Japan linakhazikitsa lamulo la madzi a mafakitale mu 1956 ndi lina la madzi a nyumba zikuluzikulu mu 1962, n'kubweretsera mafakitale madzi ena kudzera m'mapaipi. Pofika m'ma 1970 kutitimira kunali kutatsala pang'ono kusiyiratu, madzi a pansi anabwerera, koma nthaka sinadzuke. Dongo likafinyika lafinyika, ndipo anthu a kumeneko akukhala pansi pa mulingo wa nyanja, kudalira makoma ndi mapampu. Ku Shanghai malo ena anatsika mamita oposa awiri pakati pa 1921 ndi 1965. Ku Houston, ku America, m'mbali mwa njira ya sitima za pamadzi imene yazunguliridwa ndi mafakitale oyenga mafuta, nthaka inatsika mamita pafupifupi atatu. Bungwe loona za kutitimira kwa nthaka la Harris-Galveston linakhazikitsidwa mu 1975, koma dera la Brownwood ku Baytown, pafupi ndi Houston, linali litamira kale moti mkuntho wa Alicia utaomba mu 1983 anthu anasamukiratu. Kumpoto kwa Jakarta malo ena akhala akutsika masentimita oposa 10 pachaka, kuthamanga kuposa kukwera kwa nyanja maulendo makumi angapo.

Pempho lathu loyamba, lomwe ndi mutu wa kalatayi, likukhudza mmene mumaperekera ziphaso. Pakalipano m'malo ambiri fakitale iliyonse imapempha payokha, n'kupatsidwa malita akutiakuti patsiku, ndipo lipoti lake la zachilengedwe limaonetsa kuti mijigo yake itatu kapena inayi sikhudza aliyense. Lipoti lililonse palokha likhoza kukhala loona. Koma mchenga wa pansiwo ndi umodzi, ndipo kutsika kwa madzi kwa mjigo uwu kumawonjezana ndi kwa mjigo uwo mpaka dera lonse limasanduka dzenje limodzi lalikulu limene madzi amathamangirako kuchokera mbali zonse, kuphatikizapo mbali ya kunyanja. Chiphaso chisamangotchula kuchuluka kwa malita. Chizitchula mulingo wa madzi umene suyenera kutsikidwa pa zitsime zoyezera za kugombe. Masamu ake ndi osavuta. Ngati mchenga wosunga madzi umathera mamita 60 pansi pa mulingo wa nyanja, gawani 60 ndi 40, mupeza mita imodzi ndi theka. Madzi a m'chitsime choyezera cha kugombe asatsike kuposa mita imodzi ndi theka pamwamba pa nyanja. Akatsika, onse opopa m'deralo achepetse molingana ndi gawo lawo, popanda kudikira kuti mchere uoneke kaye.

Izi sizingatheke popanda zitsime zoyezera zomangidwa bwino, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika pachabe. Chizolowezi ndi chotenga madzi pa mpopi wa mjigo wa fakitale n'kupita nawo kulabotale. Madzi otere ndi osakanikirana, ochokera pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mchere umene uli pansi umabisala m'madzi abwino a pamwamba. Mukadzauona pa mpopi ndiye kuti unafika kalekale. Chitsime choyezera chizikhala chapadera, chopanda pampu yokhazikika. Pamalo amodzi pakhale mapaipi awiri kapena atatu ozama mosiyana, iliyonse yokhala ndi gawo loboolaboola lalifupi, la mita imodzi kufika atatu, ndipo imodzi ifike pansi penipeni pa mchengawo chifukwa ndi pamene mchere umayamba kudutsa. Pakati pa magawowo patsekedwe ndi dongo la bentonite. Chitsime choboolaboola kuchokera pamwamba mpaka pansi chimanamiza: madzi amakwera ndi kutsika m'kati mwa paipi momwemo, n'kuonetsa malire a mchere pamalo pomwe palibe, ndipo nthawi zina chitsimecho chimasanduka njira yolowetsera mchere m'gawo limene linali labwino.

Zitsimezi ziikidwe mondondozana kuchokera kugombe kupita kumtunda, mwachitsanzo pa mamita 200, 500, kilomita imodzi ndi makilomita awiri, ndipo mizere yotere ilunjike pamene pali makwawa akale a mitsinje okwiririka, chifukwa miyala ndi mchenga wokhakhala wa m'makwawamo ndiyo njira yachidule ya mchere. Mlomo wa paipi iliyonse uyezedwe ndi wopima malo kuti udziwike kutalika kwake pamwamba pa nyanja molondola mpaka pa sentimita, ndipo muyesowu ubwerezedwe zaka zingapo zilizonse poti nthaka ikamatitimira paipi imatsikira limodzi. Kuphonya masentimita 10 pamwamba ndi kuphonya mamita anayi pa malire a mchere. Muikemo kachipangizo kolemba mulingo wa madzi mphindi 15 zilizonse, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa nyanja kwa tsiku ndi tsiku kumagwedeza madzi a pansi, ndipo munthu wobwera ndi tepi kamodzi pamwezi amangolemba zimene wapeza pa ola limenelo. Chinanso chimene anthu amaiwala: m'paipi mukalowa madzi amchere, mulingo wake umaoneka wotsika chifukwa cha kulemera kwake, choncho uyenera kuwerengedwanso ngati kuti ndi madzi abwino musanauyerekeze ndi zitsime zina.

Miyezi itatu iliyonse, komanso kumapeto kwa nyengo youma, yezani mmene madziwo akudutsitsira magetsi, poti mchere ukachuluka magetsi amadutsa kwambiri. Madzi a m'nyanja amafika cha pa ma microsiemens (muyeso wa kadutsidwe ka magetsi) 50,000 pa sentimita, pamene madzi abwino ambiri saposa 1,000, choncho kusintha kumaoneka msanga. Kulabotale musangopempha chloride yekha. Pemphaninso zinthu zina zosungunuka m'madzi: bromide, calcium ndi sodium. M'madzi a m'nyanja chloride amachuluka kuposa bromide maulendo pafupifupi 290 pa kulemera kwake, ndipo chiwerengerochi chikasiyana kwambiri, mchere wanuwo mwina ukuchokera kwina: zonyansa za fakitale, paipi ya zimbudzi yodontha, kapena mulu wa mchere wosiyidwa pamvula. Calcium nayenso ndi mthenga wabwino. Mchere ukamafika, sodium amakakamira pa dongo n'kutulutsa calcium, motero calcium amakwera mosayembekezereka pamene chloride akadali wochepa. Makina oyeza nthaka ndi magetsi kuchokera pamwamba amathandiza kumalo opanda zomanga, koma pakati pa mafakitale mapaipi achitsulo, njanji ndi mawaya a pansi zimasokoneza zotsatira. Wokugulitsani njirayi ngati yolowa m'malo mwa zitsime mumufunse za mapaipiwo.

Mchere sumabwera nthawi zonse kuchokera chakunyanja. Mjigo wozama wopopa mwamphamvu umaukoka kuchokera pansi pake penipeni, ngakhale uli makilomita angapo kumtunda. Malire a mchere amatukuka kulunjika ku pampu, ndipo akakwera kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wa pakati pa malirewo ndi mapeto a mjigo, amatha kudumphira m'paipi mwadzidzidzi. Ku Brunswick, m'boma la Georgia ku America, mchere unakwera kuchokera m'miyala yakuya kudzera m'ming'alu chifukwa cha kupopa kwa mafakitale. Chimene eni fakitale amachita madzi akachepa ndicho kuzamitsa mjigo ndi kugula pampu yaikulu, komwe ndi kuyandikira mchere ndi kuukoka mwamphamvu nthawi imodzi. Njira yoyenera ndi mijigo ingapo yosazama, yotalikirana, yopopa pang'onopang'ono tsiku lonse n'kumadzaza thanki, m'malo mwa mjigo umodzi wokoka zonse m'maola asanu ndi limodzi.

Mijigo yakale yosiyidwa ndi nkhani ina imene imaponyedwa kunkhongo. Paipi yachitsulo yodutsa m'gawo lamchere imachita dzimbiri n'kubooka, ndipo madzi amchere a pamwamba amatsikira m'gawo labwino la pansi chaka ndi chaka popanda woona. Kuika chivindikiro pamwamba si kutseka. Mjigo wotere umadzazidwa ndi phala la simenti kapena bentonite kuyambira pansi kukwera m'mwamba, pogwiritsa ntchito paipi yotsikira mpaka pansi, chifukwa phala lothiridwa kuchokera pamwamba limakakamira pakati n'kusiya mphako. Fakitale isaloledwe kugulitsidwa kapena kutsekedwa isanaonetse umboni woti mijigo yake yatsekedwa motere.

Kwa inu akuluakulu a madoko, nkhani ndi ya kukumba. Pansi pa magombe ambiri pali dongo limene limaphimba mchenga wa madzi abwino ngati denga. Mukazamitsa doko kapena njira ya sitima n'kuboola dongolo, mwatsegulira nyanja khomo lolunjika m'mchengamo. Ku Barcelona, pothera mtsinje wa Llobregat, mchere unalowa kuyambira m'ma 1960 chifukwa cha kupopa kwa mafakitale ndi mzinda pamodzi ndi kukumba kwa doko lolowa kumtunda. Tikupempha kuti musanakumbe muziboola pansi pa njirayo kuti mudziwe kukhuthala kwa dongo ndi kuchuluka kwa limene litsale. Njira yozama imalolanso madzi amchere kukwawa pansi pa mtsinje kupita kumtunda madzi a mtsinje akachepa. Pa mtsinje wa Mississippi, mainjiniya a gulu la asilikali la America (US Army Corps of Engineers) anamanga chimulu cha mchenga pansi pa madzi mu 1988, 1999, 2012, 2022 ndi 2023 pofuna kuimitsa mchere usanafike pamalo opopera madzi akumwa. Taonani mmene zakazo zikuyandikirana. Ngalande zochotsa madzi m'madambo zimachitanso chimodzimodzi, monga zinachitikira ku Miami mpaka anaika zitseko pa ngalandezo kuyambira m'ma 1940.

Pamwamba pa nthaka palinso ngozi yake. Tiyerekeze malo olandira mvula ya mamilimita 1,000 pachaka, pomwe gawo limodzi mwa magawo asanu limalowa pansi. Hekitala imodzi imapereka malita 2 miliyoni pachaka ku madzi a pansi. Mukayala konkire pa mahekitala 500 n'kutumiza mvula yonse kunyanja kudzera m'ngalande, mwachotsa malita 1 biliyoni pachaka popanda pampu ngakhale imodzi. Madzi a padenga la nyumba zosungira katundu ndi oyera mokwanira kuwalowetsa pansi. A pabwalo lothira mafuta ndi mankhwala asalowetsedwe. Omanga amene amapopa madzi m'maenje a maziko kwa chaka chathunthu nawonso awerengedwe ngati opopa, chifukwa mchenga susiyanitsa pampu yokhazikika ndi yongodutsa.

Eni mafakitale akamakana kuchepetsa, auzeni zimene mchere udzachite ku makina awo. Makina oziziritsa amene amauluzitsa madzi amasiya mchere m'madzi otsala, moti madzi olowa ndi chloride 300 akazungulira mpaka kukhuthala kasanu amafika 1,500. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304 chimayamba kubooka timabowo chloride akapitirira cha pa 200, cha 316 chimapirira mpaka cha pa 1,000, ndipo kutentha kukaposa madigiri 60 zonse ziwiri zimatha kung'aluka. Mu konkire, chloride akafika pa zitsulo za m'kati dzimbiri limatupa n'kuphulitsa konkireyo, ndipo maziko a pansi sawaona munthu kufikira khoma litang'ambika. Choopsa kwambiri kwa anthu oyandikana ndi mafakitale n'chakuti madzi amchere amadya mathanki ndi mapaipi okwiriridwa, amasungunula zitsulo zapoizoni monga cadmium zimene zinali zitakakamira m'dothi, ndipo madzi a pansi akakwera amatha kuyandamitsa thanki yopanda kanthu n'kuthyola mapaipi ake. Malo amene anaipitsidwa kale n'kungokwiriridwa ayenera kuunikidwanso poganizira madzi amchere okwera.

Pamene mchere walowa kale, njira zilipo koma zonse ndi zodula ndipo sizikhala ndi tsiku lomaliza. Ku Los Angeles anayamba kuyesa kubwezera madzi pansi ku Manhattan Beach kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo lero mizere itatu ya zitsime, West Coast Basin, Alamitos ndi Dominguez Gap, ili ndi zitsime zoposa 250 zokankhira madzi abwino pansi kuti mulingo wa kugombe ukhale pamwamba pa nyanja. Koma mchere umene unali utadutsa kale mzerewo unatsekeredwa kumtunda, ndipo mpaka lero akuupopa n'kumausefa. Ku Orange County, pafupi ndi Los Angeles, amayeretsa madzi a m'zimbudzi, pafupifupi malita 490 miliyoni patsiku kuyambira 2023, n'kubwezera pansi, ena ku zitsime za kugombe. Barcelona inayamba zofananazo mu 2007. Zitsime zobwezera madzi zimatsekeka ndi fumbi, tizilombo ndi mpweya, choncho madziwo ayenera kukhala oyera kwambiri ndipo zitsimezo zimafuna kutsukidwa kawirikawiri. Madzi osefedwa kwambiri akakumana ndi dongo lodzaza sodium, dongolo limatha kumwazika n'kutseka mchenga, n'chifukwa chake kuyesa pa chitsime chimodzi kuyenera kuyamba mzere wonse usanamangidwe. Ku Okinawa, ku Japan, anamanga makoma a pansi pa nthaka monga la Komesu, koma njirayi imagwira pamene thanthwe lotseka lili pafupi ndipo chigwa ndi chopapatiza. Makina osefa mchere pa fakitale amathetsa vuto la fakitaleyo yokha, ndipo ngati akusefa madzi a mjigo womwewo, kupopa kumawonjezeka poti gawo lina la madziwo limatayidwa ngati mchere wokhuthala.

Kuletsa kupopa popanda kupereka madzi ena kumangobala mijigo yakuba ya kuseri kwa mipanda. Tokyo inapambana chifukwa lamulo linabwera limodzi ndi mapaipi a madzi a mafakitale, ndipo Bangkok inachepetsa kutitimira itakweza mtengo wa madzi a pansi uku ikufalitsa madzi a m'mipopi. Madzi a pansi akakhala otchipa kuposa a mumpopi, palibe mwini fakitale amene angasiye mjigo mwa kufuna kwake. Konzekeraninso kuti kupopa kukasiya madzi adzakwera. Ku Tokyo masiteshoni a sitima a pansi a Ueno ndi Tokyo anachita kuwalemetsa ndi zitsulo ndi kuwamangirira pansi kuti madzi asawanyamule.

Mjigo uliwonse wa fakitale ukhale ndi mita yomatidwa ndi boma, yowerengedwa mwezi ndi mwezi ndi munthu amene salipidwa ndi fakitaleyo. Zotsatira za zitsime zoyezera ziziikidwa poyera pa intaneti pasanathe mwezi, kuti alimi ndi anthu a m'makomboni oyandikana, amene zitsime zawo zosazama zimayamba kuwawa pamene alibe ndalama zogulira makina osefa, aziona zimene inu mukuona. Ndipo mulembe m'lamulo, osati m'ndondomeko chabe, kuti chloride akakwera pa miyeso itatu yotsatizana m'chitsime choyezera, kapena akafika mamiligalamu 100 pa lita pamene kale anali wotsika, ziphaso zatsopano m'dera limenelo ziyimitsidwe tsiku lomwelo ndipo opopa onse aitanidwe pasanathe masiku 30 kudzagawana zochepetsa.

Ndife,
Akatswiri a madzi a pansi pa nthaka ndi mainjiniya a zomangamanga za kugombe